Kutsika Mtsetse ndi Katundu: Phunziro la Magiya ndi Mabuleki

Anzanga achikumbi, nyengo yokolola ikafika misewu ya Blantyre imadzaza ndi matumba. Ambiri a inu okhala ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri muli ndi minda kumudzi, ena ku Chiradzulu, ena ku Thyolo, ena ku Lunzu, ndipo chimanga chikauma mumachitutira kuno. Alimi a fodya nawonso amatumiza mabelo awo ku okushoni ya ku Limbe, kumene malonda a fodya anayamba m'chaka cha 1938. Kale katundu wotere anali kuyenda pamutu, panjinga kapena pangolo, koma lero ayenda pagalimoto. Ena mwa inu mwagula galimoto yanuyanu mutagulitsa mbewu, ndipo ambiri mumachita hayala. Phunziro ili ndi la nonsenu, pakuti munthu amene walima chaka chathunthu angathe kutaya zokolola zake zonse, ndi moyo womwe, pa mtsetse umodzi wokha.

Madzi a Mvula ndi Galimoto

Kapena wina afunsa kuti, "Kodi mlangizi wa zaulimi alowa bwanji m'nkhani za magalimoto?" Yankho lake nali. Chaka ndi chaka timaphunzitsana kuti madzi a mvula sagwiridwa kumunsi kwa munda. Mlimi wanzeru amayamba kumtunda: amaika akalozera, amalima mizere yopingasa, amatseka ngonyeka, kuti madzi asapeze mpata woyamba kuthamanga. Mlimi amene alekerera madzi kumtunda, nayesa kuwatchinga kumunsi ndi mgula umodzi, amadzuka m'mawa napeza mgula utagumuka ndipo chigwembe chitang'amba munda.

Galimoto yodzaza katundu pamtsetse ili chimodzimodzi. Liwiro lake liyenera kugwiridwa kumtunda, isanayambe kuthamanga, ndipo chogwirira chake ndi giya. Mabuleki ali ngati mgula wa kumunsi uja: ndi ofunika ndithu, koma sangathe kusenza ntchito yonse okha. Mukaiwala zina zonse za m'phunziro lino, mawu awa okha muwasunge.

Dziko Lathu ndi la Mapiri

Mzinda wa Blantyre uli pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo wazingidwa ndi mapiri. Ndirande ili patsinde pa phiri la Ndirande, limene msinkhu wake ndi pafupifupi mamita 1,600. Chilomoni yatsamira phiri la Michiru, Zingwangwa yayang'anana ndi phiri la Soche, Bangwe ili pansi pa phiri la Bangwe, ndipo Machinjiri ili kuseri kwa Ndirande, m'dziko la zitunda ndi timitsinje. Chotero palibe njira yolowera kwanu imene ilibe chikweza kapena mtsetse. Wochoka m'tauni kudzera pa Magalasi amatsetsereka kufikira ku Chirimba. Wopita ku Chikwawa amatsika phiri lokhotakhota kufikira pa mlatho wa Shire, kumene dziko lili pafupifupi mamita 100 okha kuchokera pa nyanja yamchere.

Ndiponso misewu ya m'makwalala athu ndi yopapatiza. Nyumba, maokala ndi misika zili m'mphepete mwenimweni mwa msewu, ana asewera pomwepo, ndipo njinga za kabaza zidutsa uku ndi uku. Galimoto ikapulumuka m'manja mwa woyendetsa kumeneko, siipeza thengo loti igweremo, ipeza anthu.

Ntchito ya Magiya

Injini payokha ili ndi liwiro lalikulu koma mphamvu yokokera ndi yochepa. Magiya ndiwo amasandutsa liwiro limenelo kukhala mphamvu. Pa giya yoyamba injini imazungulira kambiri kuti tayala lizungulire kamodzi, motero galimoto imakoka ngati ng'ombe ya pagoli, mwamphamvu koma pang'onopang'ono. Pa giya yachinayi kapena yachisanu injini imazungulira pang'ono pamene matayala athamanga, motero liwiro lichuluka koma mphamvu ichepa.

Tsono taonani chinthu chimene ambiri sachidziwa. Giya imene ipatsa mphamvu yokwera ndi yomweyo imene ipatsa mphamvu yogwira potsika. Mukachotsa phazi pa chopondera moto giya ili m'kati, matayala ndiwo amayamba kuzunguza injini, ndipo injini imakaniza, monga mmene mjigo umakanizira dzanja la wopopa madzi. Pa giya yaing'ono kukaniza kumeneku ndi kwakukulu, pa giya yaikulu ndi kochepa, ndipo giya ikachotsedwa kulibe konse.

Magalimoto alipo a mitundu iwiri. Ena woyendetsa amasintha yekha magiya ndi dzanja, ndipo amalonda amawatcha manual. Ena amasintha okha, ndiwo a otomatiki. Mtundu wachiwiriwu unayamba kugulitsidwa kwa anthu ambiri ku America, m'magalimoto a Oldsmobile a chaka cha 1940, ndipo lero magalimoto ambiri ogwirapo kale ntchito amene afika kuno kuchokera ku Japan ndi a mtundu umenewu. Mlimi ayenera kuidziwa mitundu yonse iwiri, pakuti lero akwera iyi, mawa akwera inayo.

Galimoto ya Magiya a Pamanja

Galimoto iyi ili ndi zopondera zitatu. Kumanzere kuli klatchi, pakati pali buleki, kumanja kuli chopondera moto. Phazi lamanzere ntchito yake ndi klatchi yokha. Phazi lamanja limasinthana pakati pa buleki ndi moto.

Klatchi ndiyo imalumikiza injini ndi magiya. Mukaiponda mwazilekanitsa, mukaisiya mwazilumikiza. Poliza injini, onetsetsani kuti buleki ya pamanja yakokedwa, giya yachotsedwa ndipo klatchi yapondedwa. Ponyamuka ikani giya yoyamba, patsani moto pang'ono, ndipo kwezani phazi lamanzere mosafulumira kufikira mumve injini ikusintha kulira ndi galimoto ikufuna kusuntha. Pamenepo masulani buleki ya pamanja. Wosiya klatchi mwadzidzidzi amazimitsa injini kapena amadumphitsa galimoto.

Ponyamuka pachikweza, monga zikweza za ku Bangwe kapena za ku Chilomoni, musadalire kufulumira kwa phazi. Gwirani galimoto ndi buleki ya pamanja kufikira klatchi itagwira, ndipo mudzanyamuka osabwerera m'mbuyo ngakhale pang'ono. Kuimika galimoto pachikweza ndi klatchi yopondedwa theka kumapsereza klatchiyo, ndipo mtengo woikonzera ungadye matumba angapo a chimanga. Chimodzimodzinso kuyenda phazi litatsamira pa klatchi: kumaidya pang'onopang'ono monga anankafumbwe adyera chimanga m'nkhokwe, mwini wake osadziwa.

Posintha giya pondani klatchi kufikira pansi, ndipo musakankhe ndodo ya magiya mwankhondo. Musaike giya yobwerera m'mbuyo galimoto isanaime kotheratu. Ndipo musalowe pokhota klatchi itapondedwa, pakuti pamenepo injini siigwira kanthu. Chepetsani liwiro, ikani giya yoyenera, siyani klatchi, ndipo pambuyo pake khotani.

Galimoto ya Otomatiki

Iyi ili ndi zopondera ziwiri zokha, buleki ndi moto, ndipo zonse ziwiri ndi za phazi lamanja. Phazi lamanzere lipume. Munthu wozolowera klatchi akaiwala, amaponda buleki ndi phazi lamanzere mwamphamvu ngati klatchi, ndipo okwera onse amagunda mitu kutsogolo. Dziwaninso kuti magalimoto ena ochokera ku Japan alibe buleki yokoka ndi dzanja. M'malo mwake ali ndi kachopondera kumanzere, pamene pakhala klatchi pa magalimoto ena. Kameneko ndi buleki yoimikira, si klatchi ayi.

Pa ndodo ya magiya pali malemba. P ndi poimika. R ndi pobwerera m'mbuyo. N ndi pamene giya yachotsedwa. D ndi poyendera kutsogolo masiku onse. Pansi pa D pamakhala 2 ndi L, kapena S ndi B, kapena zizindikiro za + ndi −, monga mwa mtundu wa galimotoyo. Ambiri amayendetsa zaka ndi zaka osakhudzako malemba a pansiwa, poyesa kuti ndi okometsera chabe. Komatu amenewo ndiwo magiya aang'ono, ndipo anaikidwa chifukwa cha mapiri onga athuwa. Magalimoto ena alinso ndi kabatani kolembedwa O/D pandodo pomwepo. Mukakadina, galimoto imaleka kulowa giya yaikulu kwambiri, ndipo zimenezi zimathandiza pa mtsetse waung'ono.

Malamulo ake ndi awa. Pondani buleki musanachotse ndodo pa P, pakuti mukaika D kapena R galimoto imayamba kukwawa yokha ngakhale simunapatse moto. Yang'anani lemba limene mwaika musanasiye buleki. Imani kotheratu musanasinthe kuchoka pa D kupita pa R kapena pa P. Galimoto ikalumpha mosayembekezeka, dziwani kuti kawirikawiri phazi lili pa moto pamene mwini wake ayesa kuti lili pa buleki. Likwezeni, ndipo pondani chopondera chachikulu cha kumanzere kwake. Pomaliza, magalimoto ambiri a otomatiki salira ndi kukankha, ndipo kuwakoka ndi chingwe mtunda wautali injini itazima kumawononga magiya. Funsani makaniko musanatero.

Mmene Mabuleki Agwirira Ntchito

Mukaponda buleki, phazi lanu limakankha mafuta a m'timapaipi, ndipo mafutawo amakankha mapadi kuti akhuze chitsulo chimene chizungulira pamodzi ndi tayala. Kukhuzana kumeneku kumabala kutentha, monga mmene zikhato zimatenthera mukazipekesa. Kunena zoona, ntchito yonse ya mabuleki ndi kusandutsa liwiro kukhala kutentha.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Galimoto yolemera matani atatu pamodzi ndi katundu wake ikatsika kuchokera ku Blantyre kufika ku Chikwawa, yatsika mamita ngati 900. Mphamvu ya kutsika kumeneko ingathe kubwatitsa madzi a zidebe zinayi za malita 20. Ina imatha ndi mphepo ndi kugubuduzika kwa matayala, koma yotsalayo iyenera kupita kwina. Giya yaing'ono ikakhala m'kati, injini imalandira gawo lalikulu. Giya ikachotsedwa, moto wonsewo umathera pa tizitsulo ta m'matayala anayi.

Mabuleki akatentha kopitirira muyeso pamachitika zinthu ziwiri. Choyamba, mapadi amaterera, ndipo ngakhale muponde ndi mphamvu zanu zonse galimoto siimva. Chachiwiri, mafuta a mabuleki amawira nasanduka nthunzi, ndipo chopondera chimangolowa pansi ngati mwaponda thonje. Mafuta atsopano a mtundu wa DOT 3 sawira asanafike madigiri 205, koma mafutawa amamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo akakalamba angathe kuwira pa madigiri 140 okha. Ndicho chifukwa chake opanga magalimoto ambiri amalangiza kuwasintha pakapita zaka ziwiri zilizonse. Musathiremo oilo wa injini kapena mafuta ena alionse, pakuti amatupitsa malabala a m'kati ndipo mabuleki amafa.

Dziwaninso kuti injini ndiyo imathandiza phazi lanu poponda buleki. Injini ikazima, mukaponda kawiri kapena katatu thandizolo limatha, chopondera chimauma ngati mwala, ndipo chiwongolero nachonso chimalemera. Malole aakulu ali ndi mabuleki a mpweya. Woyendetsa lole yotere asanyamuke geji isanaonetse kuti mpweya wakwana, ndipo asamapondeponde buleki popanda chifukwa, pakuti kuponda kulikonse kumataya mpweya.

Magalimoto ambiri a masiku ano ali ndi chipangizo chotchedwa ABS, chimene chinayamba kufala m'chaka cha 1978 pa magalimoto a Mercedes-Benz. Ntchito yake ndi kuletsa matayala kuuma ndi kukhwekhwereza, kuti woyendetsa athe kuwongolera pamene akuima. Pangozi pondani mwamphamvu ndipo musasiye. Mudzamva chopondera chikunjenjemera, koma musaope, ndiyo ntchito yake. Pa galimoto yopanda ABS pondani molimba, koma mukamva matayala akukhwekhwereza pepuzani phazi pang'ono ndi kupondanso. Pamsewu wa dothi ndi timiyala galimoto iliyonse, ya ABS ndi yopanda yomwe, imafuna mtunda wautali kuti iime.

Kutsika Mtsetse

Tafika tsopano pamutu weniweni wa phunziro lathu, ndipo ndikuuzani zimene ndinaona ndi maso anga.

Chaka china ndinakwera lole yaing'ono imene alimi anzanga anachita hayala kuti akagulitse chimanga ku Chikwawa. Ine ndinakhala kutsogolo pamodzi ndi bambo wina wachikulire, ndipo amayi atatu anakhala pamwamba pa matumba. Titayamba kutsika phiri, woyendetsa, mnyamata wansangala, anachotsa giya nanena kuti akupulumutsa dizilo. Ine ndinaona, koma ndinachita manyazi kulankhula, poganiza kuti mlangizi wa zaulimi alibe mawu pa chiwongolero cha mwini wake. Tinadutsa pokhota poyamba ndi pachiwiri bwinobwino. Kenaka tinamva fungo ngati la nsanza yopserera. Pokhota potsatira mnyamata uja anaponda buleki, ndipo chopondera chinalowa pansi osagwira kanthu. Nkhope yake inasintha.

Bambo wachikulire uja, amene kale anayendetsapo malole, sanakuwe ayi. Anangoti, "Mwanawe, patsa moto pang'ono, ulowetse yachitatu." Giya inakana kawiri, kachitatu inalowa, ndipo injini inabangula. "Tsopano yachiwiri. Koka buleki ya pamanja pang'onopang'ono. Tsamiza kuchipupa." Lole inakhula nthiti yake kukhoma la phiri kufikira inaima. Matumba anayi anaphulika, ndipo mayi mmodzi anagwa nathyoka mkono, pa nyengo imene anayenera kukonza munda wake. Dizilo amene mnyamatayo anafuna kupulumutsa sakanadzaza ndi botolo lomwe.

Ndipo chomvetsa chisoni ndi ichi: injini zambiri za masiku ano zimadula zokha mafuta pamene galimoto itsika giya ili m'kati ndi phazi litachoka pa moto. Wochotsa giya sapulumutsa kanthu, angogulitsa moyo wake ndi wa anzake kwaulere.

Tsono potsika chitani motere.

1. Chepetsani liwiro mukali pamwamba, mtsetse usanayambe.
2. Ikani giya imene mukanakwerera chikweza chomwecho ndi katundu yemweyo. Ngati mukanakwera ndi yachiwiri, tsikani ndi yachiwiri. Pa otomatiki chotsani pa D, muike pa 2, ndipo pa mtsetse woopsa muike pa L.
3. Siyani klatchi. Musaike pa N. Musazimitse injini.
4. Injini ikalira kwambiri musachite mantha, ikugwira ntchito yake. Koma muvi wosonyeza kuzungulira kwake usafike pofiira.
5. Liwiro likakwera, pondani buleki molimba kwa kanthawi kufikira litatsika, ndipo siyani kuti mabuleki apume. Musatsamize phazi pa buleki njira yonse.
6. Ngati muyenera kuponda buleki kawirikawiri, giya yanu yakula. Chepetsani liwiro ndi kutsitsa giya ina.
7. Malole ambiri a dizilo ali ndi kandodo pafupi ndi chiwongolero kotsekera utsi kuti injini igwire kwambiri. Kagwiritseni ntchito.
8. Mukamva fungo lopserera, imani pamalo abwino, tchingani matayala ndi miyala, ndipo dikirani mabuleki azizire okha. Musawathire madzi, pakuti chitsulo chotentha chimapindika kapena kusweka.

Katundu ndi Liwiro

Thumba la chimanga limalemera makilogalamu 50. Galimoto ya tani imodzi inyamula matumba 20, ndipo mukakwezapo anthu asanu, chotsaniponi matumba asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri. Belo la fodya limalemera pafupifupi makilogalamu 100, ndiko kuti matumba awiri. Ndidziwa kuti hayala ndi yodula, ndipo mtima umafuna kuti zonse zipite ulendo umodzi. Koma mabuleki anapangidwira katundu amene analembedwa pagalimotopo, ndipo thumba lililonse loonjezera ndi nkhuni zoonjezera pamoto uja tanena. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ikani zolemera pansi ndi kutsogolo, pafupi ndi kumene akhala woyendetsa, ndipo mangani zolimba, pakuti katundu wosanjikiza pamwamba amagubuduza galimoto pokhota.

Za liwiro, sungani masamu awa. Galimoto yoyenda makilomita 30 pa ola imadutsa mamita 8 pa sekondi imodzi. Yoyenda makilomita 60 imadutsa mamita pafupifupi 17. Kuchokera pamene diso laona mwana kufikira pamene phazi lafika pa buleki pamapita sekondi imodzi kapena kuposa, ndipo nthawi yonseyo galimoto ikungoyenda. Ndiponso liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene mabuleki afuna suwirikiza kawiri ayi, uwirikiza kanayi. Pamene wa makilomita 30 waima kale, wa makilomita 60 akali kuthamanga. Chifukwa chake podutsa pamsika wa Ndirande kapena pa sukulu iliyonse yendani ngati mwasenza mazira. Siyaninso mpata pakati pa inu ndi galimoto ya patsogolo: ikadutsa pa mtengo, werengani masekondi atatu musanafike pa mtengo womwewo, ndipo ngati mwanyamula katundu kapena kukugwa mvula, wirikizani.

Mvula ndi Matope

Mvula yoyamba ndiyo yoopsa pamsewu wa phula, pakuti imasakaniza fumbi ndi mafuta otayika, ndipo msewu umaterera ngati therere. M'misewu ya dothi lofiira ya m'makwalala athu yendani ndi giya yaing'ono, mosapatsa moto wambiri ndi mosaponda buleki mwadzidzidzi. Mitsinje yathu, monga Mudi, Nasolo, Naperi ndi Likhubula, imaoneka yaing'ono m'chilimwe, koma imadzaza msanga, ndipo tonse tikumbukira zimene madzi anachita mumzinda muno pa namondwe wa Freddy m'mwezi wa Malichi 2023. Musaoloke madzi othamanga amene simuona pansi pake. Mukadutsa m'madzi osaya, mabuleki amanyowa ndipo sagwira bwino. Yendani pang'onopang'ono mukuponda buleki mopepuka kangapo, kufikira mumve kuti agwiranso.

Mabuleki Akakana

Tsoka likagwa, mutu ukhale m'malo. Chotsani phazi pa moto. Pa galimoto ya mabuleki a mafuta pondani ndi kusiya mofulumira kangapo, pakuti nthawi zina mphamvu imabwerera. Tsitsani magiya imodziimodzi, osalumpha. Pa otomatiki ikani pa 2, kenaka pa L, koma osati pa P kapena pa R. Kokani buleki ya pamanja pang'onopang'ono chala chili pa batani lake, kuti matayala a m'mbuyo akayamba kukhwekhwereza muthe kumasula. Lizani hutala kuti anthu athawe. Musazimitse injini galimoto isanaime, pakuti chiwongolero chingalemere kapena kudzikhoma. Funani chikweza, mchenga, tchire kapena chipupa cha dothi, ndipo khulitsani nthiti ya galimoto pamenepo. Chitsulo chimagulidwa, munthu sagulidwa.

Kuimika Galimoto

Ngozi zina zimachitika mwini galimoto ali m'nyumba kudya nsima. Poimika pamalo otsetsereka kokani buleki ya pamanja zolimba. Pa galimoto ya magiya a pamanja siyani giya yoyamba ngati yayang'ana kumtunda, ndi giya yobwerera m'mbuyo ngati yayang'ana kumunsi. Pa otomatiki yambani mwakoka buleki ya pamanja phazi likali pa buleki, ndipo pambuyo pake ikani pa P. Chimene chigwira galimoto pa P ndi kachitsulo kakang'ono ngati chala, ndipo si bwino kukasenzetsa kulemera kwa galimoto yonse. Potozani matayala a kutsogolo kotero kuti galimoto ikasuntha ikatsamire chipupa kapena ngalande, isalowe mumsewu kapena m'nyumba ya mnzanu. Ikani mwala kutayala, ndipo ponyamuka muuchotse mumsewu, pakuti mwala wosiyidwa umagwetsa wanjinga usiku. Makiyi musawasiye m'galimoto mmene muli ana.

Kuyendera Galimoto M'mawa

Lamulo la pamsewu la chaka cha 1997 lifuna kuti woyendetsa akhale ndi laisensi ndi kuti galimoto ikhale yoyenera kuyenda, ndipo nthambi ya Boma yoona za pamsewu imapereka chiphaso cha COF itaiyesa. Koma chiphaso chinena za tsiku limene galimoto inayesedwa, sichinena za lero. Monga mlimi wa fodya ayendera nazale yake m'mawa uliwonse, inunso yenderani galimoto. Onani ngati mafuta a mabuleki ali pa mzere wake. Suzumirani pansi ndi kuseri kwa matayala ngati pali podontha. Onani mpweya ndi mano a matayala. Lizani injini ndi kuponda buleki kwa kanthawi: chopondera chikhale cholimba, chisamire pang'onopang'ono. Yesani mabuleki pabwalo musanalowe mumsewu. Galimoto ikamakokera mbali imodzi poima, kapena mukamva chitsulo chikulira pa chitsulo chinzake, kapena nyali yofiira ya mabuleki ikakana kuzima, ulendo umenewo ulekeni, mupite kwa makaniko.

Mawu kwa Mlimi Wochita Hayala

Inu amene simuyendetsa, musati phunziro ili si lanu. Chimanga ndi chanu, ndalama ya hayala ndi yanu, ndipo okhala pamwamba pa matumba ndi abale anu. Muli ndi mphamvu yofunsa matani a galimoto ndi kuwerenga matumba. Muli ndi mphamvu yokana woyendetsa amene anunkha mowa. Musalole akazi anu kapena ana anu kukhala pamwamba pa katundu. Ndipo mukaona woyendetsa achotsa giya kapena azimitsa injini pamtsetse, lankhulani pomwepo, mwaulemu koma mosabwerera: "Achimwene, bwezerani giya, dizilo wakeyo ndilipira ine." Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ine ndinakhala chete tsiku lija, ndipo mkono wa mayi uja ndimaukumbukira kufikira lero.

Mafunso Okambirana pa Kalabu

1. Kodi kugwira madzi m'munda wotsetsereka kufanana bwanji ndi kutsika mtsetse ndi galimoto?
2. Ndi giya iti imene muyenera kutsikira mtsetse, ndipo muiike nthawi yanji?
3. Kodi malemba a 2 ndi L pa galimoto ya otomatiki ntchito yake ndi yotani?
4. Tchulani zinthu ziwiri zimene zimachitika mabuleki akatentha kopitirira muyeso.
5. Galimoto ya tani imodzi yanyamula mabelo asanu ndi limodzi a fodya. Kodi yatsala ndi malo a matumba angati a chimanga?
6. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira uwirikiza kangati?

Werengani phunziro ili pamsonkhano wa kalabu yanu, ndipo muitane ndi anyamata oyendetsa magalimoto a m'dera lanu kuti adzamve nawo. Zokolola zanu zifike kunyumba ndi kumsika zili zonse, ndipo inunso mufike nazo.

Ndine wanu,
Mlangizi wa Zaulimi, Blantyre